Bwato, kayaki kapena boti la injini: kopalasa nkuti ukakhala ku Mzuzu?

Mlamu wanga anabwera kunyumba ku Chibavi tsiku lina Loweruka ali ndi foni mmanja, akuti alamu taonani izi, azungu awiri ali mu kabwato ka pulasitiki pa mtsinje wina wa kwawo uko, madzi ali phee, mitengo mbali ndi mbali, abakha akusambira pambali pawo, munthu mpaka kumapalasa ndi dzanja limodzi linalo atagwira kapu ya tiyi. Ndiye akuti ifenso tipange zomwezi pa holide, mitsinje tili nayo yambiri kuno. Ine ndinangoseka kaye, osati kumunyoza ayi, koma chifukwa mtsinje wodekha ngati umenewo kwathu kuno umakhala ndi eni ake, ndipo eni akewo si abakha.

Nde ndati ndilembe zomwe ndinamuuza ndi zina zomwe ndinaiwala kumuuza, chifukwa funsoli lili pawiri, ukwera chani komanso ukwera kuti, ndipo ziwirizi sizisiyana.

Tiyambe ndi kuno kwathu. Mzuzu ndi pamtunda, tili mamita oposa 1,200 pamwamba pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye mitsinje yathu yambiri ikachoka kuno imakhala ikutsetsereka, miyala, mathithi, makhwawa, si yopalasapo. Lunyangwa musamuwerengere, damu lija ndi la madzi omwe timamwa mu taunimu, si posewerera. South Rukuru ndi mtsinje waukulu zedi, umayenda mwaulesi mmadera a ku Mzimba uko mpaka cha ku Vwaza, koma ukangodutsa pa Njakwa ku Rumphi umapanikizika pakati pa mapiri ndipo kumunsi kwake kuli mathithi a Fufu usanakathire mnyanja. Komwe uli wodekhako ndi komwenso kuli kanyanja ka Kazuni, ndipo amene anafikako ku Kazuni akudziwa kuti mvuu zimakhala mbwee ngati miyala. Kumeneko ndi kokhala pa khonde nkumaonera njovu zikubwera kudzamwa madzi, za bwato musaganizeko nkomwe. Choncho munthu wa ku Mzuzu akafuna kupalasa ayenera kutsika phiri basi, palibe kuchitira mwina.

Kutsika kwapafupi ndi Nkhata Bay, makilomita osakwana 50, msewu uli bwino masiku ano, ukakwera minibasi kapena Sienta mmawa pa depoti ola limodzi wafika, juzi yomwe unavala ponyamuka uyivula musanafike ndi pa Mpamba pomwe. Ndikudziwa wina anena kuti koma imeneyo ndi nyanja si mtsinje. Eya, koma ndi pomwe muyenera kuphunzirira, ndipo ndipamene pali zokwera zonse pamalo amodzi moti mutha kuziyerekeza nokha.

Bwato lathu lija losema ku mtengo, ndiyambe ndi limenelo poti ndi lomwe linandichititsa manyazi. Ukamaona ana a Chitonga a zaka 10 akulithamangitsa, wina ataimirira, wina akukapa madzi ndi chigubu chodula, umati aaa izi ndi zophweka. Bwato limenelija kukamwa kwake nkopapatiza, munthu wamkulu sulowamo thupi lonse, umakhala pamwamba pa milomo yake miyendo yokha ndiyo ili mkati, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo pansi pake ndi pobulungira ndiye limamva chilichonse chomwe thupi lako lachita. Ine ndinapempha msodzi wina wachikulire kuti andiyese, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato nkundifunsa kuti "ada, mumasambira?" Ndinati pang'ono. Anati "pang'ono ndiye kuti ayi, tiyeni apa posaya." Anachita bwino bamboyo chifukwa sitinafike ndi mamita 20, ndinangoti nditembenuke ndione mnzanga amene amajambula kumtunda, basi dziko linazungulira, ndinadzidzimuka ndili mmadzi nkhafi ikuyandama uko, ana pagombe akuseka mpaka kugwa pansi. Foni inali mthumba la kabudula. Sindinenanso zambiri za foniyo kkkk.

Koma musalipeputse bwato. Likakhala mmanja mwa mwini wake ndi chinthu chodalirika kwambiri, ndi lolemera ndiye mphepo siliseweretsa ngati pulasitiki, limalowa mu bango ndi malo osaya omwe boti la injini silingafike, silichita phokoso moti mbalame umazifika pafupi, ndipo mtengo wake mumangogwirizana ndi mwini wake pagombe pomwepo. Vuto lake ndi loti mulibe jekete yoyandamitsa, mulibe pokhala pabwino, pakatha ola limodzi matako ndi msana zimayamba kudandaula, ndipo mabwato ambiri masiku ano ndi a zigamba, apa lata apa pulasitiki wokhomera ndi timisomali, poti mitengo ikuluikulu yosemera inayamba kusowa. Ndiye kwa ine bwato ndi lokwezedwa, iwe ukhale phee pakati wopalasa akhale mwini wake, ulendo wake waufupi, mmbali mwa gombe. Lopalasa wekha ayi, pokhapokha ngati unakulira ku Usisya kapena ku Chizumulu, ndipo ngati unakulira kumeneko sukufunika kuwerenga zanga.

Kayaki ndi nkhani ina. Malo ogona alendo angapo ku Nkhata Bay, ku Chintheche ndi ku Kande amakhala nazo, ena amabwereketsa kwa amene wagona pomwepo ena amalipiritsa pa ola, funsani musanapite chifukwa zimasinthasintha. Zambiri ndi zija zokhala pamwamba, pulasitiki yotsekeka yokhala ndi mpweya mkati, moti ngakhale itagudubuka simira, umangoitembenuza nkukweranso, ngakhale kukweranso uli pakuya si masewera, yeserani kaye posaya. Nkhafi yake ndi ya mbali ziwiri, kumanja kumanzere kumanja kumanzere, ndipo mphindi khumi zoyamba umangozungulira malo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa, kenako thupi limagwira lokha. Chinsinsi chomwe mnyamata wa pamalopo anandiuza nchoti usamakoke ndi manja okha, uzipotoza chiuno ndi mapewa, mapazi atatsamira potsamira paja, apo ayi mawa lake sutha ndi kunyamula kapu. Pansi pake ndi potambalala ndiye siyigwedezeka ngati bwato, munthu woti sanakwerepo chilichonse amatha tsiku lomwelo. Ndipo ku Nkhata Bay madzi ndi oyera moti ukaima pamwamba pa miyala umaona tinsomba ta mbuna ta buluu ndi tachikasu pansi pako, nkhwazi ikulira mumtengo, ukakhota kuseri kwa mwala wina wapeza kagombe kopanda munthu.

Choipa cha kayaki nchoti ndi yopepuka, ndiye mphepo imaitenga. Apa mpomwe anthu a kumtunda timapusira. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumakhala mwera, mphepo yochokera kummwera, ndipo nyanja yomwe inali ngati galasi 7 koloko mmawa pofika masana imakhala ndi mafunde oti ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Komanso mbali ya kumpoto kuno ndi komwe nyanja ili yakuya kwambiri, malo ena mpaka cha mma mamita 700, ndipo ku Nkhata Bay phompho limayamba pafupi ndi gombe, palibe zoti ndingoima ndipume. Ndiye lamulo langa ndi lophweka, nyamukani mmawa, yambani ndi kupalasa molimbana ndi mphepo kuti pobwerera mutatopa izikukankhani, musatalikire gombe, ndipo mukaona asodzi sakulowa inunso musalowe ngakhale mwalipira kale. Miyezi ya Seputembala mpaka Novembala nyanja imakhala yofatsa kawirikawiri koma dzuwa lake limawotcha, chipewa ndi botolo la madzi musasiye. Mukaona chinthu ngati utsi chikutuluka pakati pa nyanja musathawe kuti kwayaka moto, ndi nkhungu zija, tizilombo touluka, kungoti zikakupezani tsekani pakamwa.

Tsopano za mtsinje weniweni, zomwe mlamu wanga amafuna. Mukatsika ndi msewu wa M5 kudutsa minda ya rabala ya Vizara komwe anyamata amagulitsa mipira mmbali mwa msewu, mumawoloka mitsinje ingapo, Luweya musanafike Chintheche, Dwambazi mmalire a Nkhata Bay ndi Nkhotakota, kenako Dwangwa kuminda ya nzimbe, kenako Bua. Ukaima pa mlatho, makamaka mmawa nkhungu ya madzi ikukwera, mtsinje ukukhotakhota mu bango, mtima umati apa ndiye penipeni, ndipo kunena zoona kukongola kwake sikusiyana ndi kwa mu vidiyo ija. Koma malo omwe mtsinje wafatsa, wakuya, uli pafupi kuthira mnyanja, ndi malo omwe ng'ona imakonda, nsomba zilipo, bango lobisalamo lilipo, mchenga wowothera dzuwa ulipo. Anthu a mmidzi imeneyo amawoloka ndi mabwato tsiku ndi tsiku inde, koma amadziwa dziwe lililonse, amadziwa kuti pakuti pali yaikulu, nthawi yakuti sitidutsa. Iwe wobwera ndi kayaki yobwereka pa denga la galimoto sudziwa kanthu, ndipo pa kayaki thupi lako lili pafupifupi pa madzi penipeni, chigongono chikukhudza madzi nthawi iliyonse ukapalasa. Safunsa anadya phula. Ine mitsinje imeneyi pandekha sindingalowe, ndipo amene angandiuze kuti ndine wamantha ndivomera.

Mwa yonseyi, umene ndingamuuze munthu kuti sungira ndalama upiteko ndi Bua, mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota. Nkhalango imeneyi ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800 a miombo, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira zanyama la African Parks mogwirizana ndi boma, ndi komwe anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Bua amadutsa pakati pake, pena pa miyala pena mmaiwe aatali odekha, ndipo ndi mtsinje womwe mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kukaswana. Kumeneko kupalasa kumachitika ndi canoe, lija lotseguka pamwamba lokwera anthu awiri kapena atatu, muli mipando, wakumbuyo ndi amene amawongolera ndipo wakumbuyoyo amakhala gaidi wodziwa mtsinjewo. Canoe ili pakati pa bwato ndi kayaki, ndi yotakata ndiye siyigudubuka chisawawa, mbali zake ndi zazitali ndiye sukhala pamadzi penipeni, muli malo oika chikwama ndi kamera, koma ikalowa madzi imadzadza ngati beseni, ndipo awiri osadziwa akakwera okha amangokangana, uyu akupalasa uku uyo uko, ndinaonapo banja lina likutsika osayankhulana. Ng'ona ku Bua ziliko, asakunamizeni, kusiyana kwake nkoti uli ndi munthu amene ntchito yake ndi kudziwa pomwe zili, ndipo akati lero madzi achuluka sitilowa ndiye kuti simulowa. Zimadalira nyengo, nthawi ya mvula mtsinje umakhala wofiira ndi waukali, chilimwe chikafika pachimake malo ena amaphwa mpaka kumakoka canoe pa miyala, ndiye imbani foni kaye musanawononge mafuta. Polowa mu nkhalango mumalipira, koma Amalawi mtengo wathu ndi wotsika kusiyana ndi alendo akunja, tengani chitupa cha unzika. Chodula kwambiri ndi kugona ndi transipoti, poti kuchoka pa M5 kulowa mkati minibasi kulibe.

Pafupi pomwepo kummwera kwa Nkhotakota boma kuli Chia, thamanda lalikulu lolumikizana ndi nyanja pa kamtsinje komwe M5 imawoloka pa mlatho, pomwe amayi amagulitsa nsomba paja. Kwa okonda mbalame ndi malo abwino, ndipo mumakwezedwa ndi anthu a komweko. Sindikhalitsapo poti ndinangopitako kamodzi.

Nanga Shire? Aliyense akamva za mtsinje wokongola wa mchigwa amaganiza Shire, ndipo sakulakwa. Ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi mu nyanja ya Malawi, umachoka ku Mangochi, kulowa mu Malombe, kutuluka nkudutsa mu paki ya Liwonde, makilomita pafupifupi 400 mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Chigawo cha ku Liwonde chija ndi chomwe chimaoneka pa makalendala, migwalangwa, milambe, njovu zikuwoloka chitamba chili mmwamba. Koma apa ndiye yankho langa ndi boti la injini basi, lokhala ndi denga ndi woyendetsa wa mu paki. Mvuu za mu Shire si zowerenga ndi zala, mpaka kampu yotchuka ya mmenemo dzina lake ndi Mvuu. Mvuu siidya nyama koma ndi imene imagudubuza mabwato, ikadzidzimuka imathamangira kokuya ndiye ukapezeka pakati pa iyo ndi kokuyako wapita, yokhala ndi mwana ndiye siifuna nkuyandikiridwa komwe, ndipo imatha kukhala pansi pa madzi mphindi ngati zisanu osaoneka, iwe nkumati palibe kanthu. Nchifukwa chake opalasa odziwa amagogoda mbali ya bwato ndi nkhafi akamayandikira pokhota, kuti idzutse mutu aione ili patali, nkudutsa mbali yosaya. Ndipo ikakugudubuzani, vuto lachiwiri ndi ng'ona zomwe zinali pa mchenga zija. Mu boti lalikulu zonsezi umaziona uli ndi Fanta mmanja, agogo ndi ana atha kukwera nawo. Kuipa kwake nkoti supalasa, ndiwe katundu chabe, injini ikulira, ndipo kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Liwonde ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndiye si za wikendi imodzi pokhapokha ngati muli ndi zochitika zina kummwera.

Kumunsi kwa Liwonde, kupitirira baraji ya Kamuzu, Shire amasanduka wina, mathithi okhaokha, ndi komwe kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe magetsi athu amachokera, ndipo ndi mathithi omwewa amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859. Akatsika ku Chikwawa amafatsanso nkumwazikana mu dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, lomwe linalowa mgulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017. Kumeneko ndi kwa bwato lenileni, asodzi amakulowetsa mtinjira ta mu gumbwa ndi namasupuni, mbalame zosawerengeka, njovu zokha ndi zomwe zinatsala dzina. Koma kwa ife a kuno ndi kumapeto a dziko, kotentha koopsa, ndipo mvuu ndi ng'ona ndi zomwe zija.

Wina andifunsa za Cape Maclear. Kwa amene wazolowera kayaki ndipo akufuna ulendo wautali, kumeneko ndi kwabwino, mu paki ya Lake Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaizindikira mu 1984 ngati malo ofunika pa dziko lonse, anthu amapalasa kuchoka ku Chembe kupita ku zilumba za Domwe ndi Mumbo, Mumbo ili pafupifupi makilomita 10 kuchoka kumtunda. Koma kunena chilungamo, kuchoka ku Mzuzu kudutsa Nkhata Bay, Chintheche ndi Kande kuti ukapalase kayaki ku Mangochi kuli ngati kusiya nthochi ku Limphasa nkukagula ku Lilongwe.

Pali kanthu kena komwe anthu sakonda kukamba, likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za mmadzi odekha, osaya, a bango ndi udzu, makamaka pafupi ndi midzi pomwe anthu amasamba ndi kuchapa, kutanthauza kuti malo omwe amaoneka abwino kuyambirapo kupalasa ndi omwewo. Pa miyala pomwe mafunde amamenya chiopsezo chimachepa koma sindinganene kuti palibiretu. Timalowa pakhungu, sumva kanthu, pakapita masabata kapena miyezi ndi pomwe ena amayamba kuona magazi pokodza, ena osaona chilichonse. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapezeka, koma kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja sikuthandiza poti amagwira bwino tizilombo tikakula, ndiye dikirani papite masabata angapo mukaonane ndi achipatala akuyezeni. Apa boti la injini lapambana onse poti sunyowa, canoe ikubwera pachiwiri, kayaki ndi bwato ndiye umanyowa ufune usafune.

Za jekete yoyandamitsa ndinene mosapsatira. Ambiri a ife a ku Mzuzu sititha kusambira, tinakulira kozizira, madzi timawadziwa a mu bafa, koma tikafika kunyanja timachita manyazi kuvala jekete poti ana akomweko sakuvala. Ana amenewo anayamba kusambira asanayambe sukulu. Malo ena obwereketsa amakupatsa jekete yong'ambika, zomangira zinaduka kalekale, ine pena pake anandipatsa ya mwana yoti siimatseka pamimba nkumandiuza kuti "bwana ingoikani pamapewa", ndinakana mpaka anakapeza ina. Jekete yosamanga ikangolowa mmadzi imakuvuka yokha kudzera kumutu. Foni ikani mu jumbo ziwiri zomanga bwino kapena isiyeni kumtunda, mowa mumwe mukabwerako, ndipo muuzeni wina kumtunda komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mubwere. Komanso gombe lomwe munaliona zaka zapitazo mwina silili chimodzimodzi, mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi nyumba zina za mmbali mwa nyanja, ndiye funsani potsikira pabwino.

Ndiye mlamu wanga ndinamuuza chonchi, alamu, ngati ndi wikendi ino ndipo mthumba muli zochepa, Nkhata Bay pa kayaki, mmawa, jekete pathupi. Mukafuna kulawa bwato, mukwezedwe ndi mwini wake posaya, ndipo ine ndidzakhala kumtunda ndi kamera. Mukapalasa kangapo nkuona kuti mwaikonda nkhaniyi, tisonkhe ndalama ya Bua cha mu Juni kapena Julayi madzi atatsika koma asanaphwe, poti mwera wovutitsa kunyanja uja mu nkhalango sufika ndi mphamvu. Shire tidzapita tonse ndi ana pa boti lalikulu tikadzakhala ndi ukwati kapena chinkhoswe ku Zomba.

Anavomera zonse kupatula chimodzi, akuti iye bwato sangagwe nalo ngati ine chifukwa amakwera njinga osagwira mahandulo. Tagwirizana Loweruka la pa mapeto a mwezi, ndamuuza abwere ndi kabudula wosinthira ndipo foni yake ndisunga ine.